Kabati Yosatuluka Pakhomo

M'dziko la Chiphamaso, Mfumu Kanyada Wachitatu ikakwera ndege kupita kunja, anthu sankadandaula kwenikweni ndi zimene inkapita nazo. Zimene zinkawaopsa ndi zimene inkabwera nazo. Mafumu ena amabwerako ndi nsapato, ena chimfine, koma iyi inkabwerako ndi nzeru. Chaka china inabwera ndi nzeru yoti oyendetsa ngolo onse azivala mataye, ndipo mpaka lero ku Chiphamaso mukhoza kukumana ndi bambo wopanda nsapato akukalipira ng'ombe, pakhosi atamanga bwinobwino. Chaka chinanso inalamula kuti mitengo ya m'mbali mwa msewu waukulu ipakidwe penti wobiriwira, poti masamba ankachedwa kuphuka pomwe alendo anali pafupi kufika.

Ulendo uno Mfumu inakhalako masabata atatu. Itangotera inaitanitsa nduna zonse kunyumba yachifumu, pamwamba pa Phiri la Takhuta, ndipo zinabwera chothamanga, zina zikutafuna.

"Ndaona ndi maso angawa mmene anthu olemera amakhalira," inatero Mfumu. "Ndinalowa m'nyumba ya munthu wa sitima zapamadzi zisanu ndi zinayi. Mukudziwa chimene ndinapeza pabalaza pake?"

"Golide, Mwini Dziko!" inafuula nduna ina.

"Minyanga ya njovu!" inatero inzake.

"Palibe!" inatero Mfumu, ikumenya tebulo. "Makoma oyera mbee, pansi popanda kanthu, kampando kamodzi pakona. Basi. Kumeneko munthu akalemera amachotsa katundu. Kudzaza nyumba ndi umphawi. Tsono ine ndatopa kumva anthu anga akulira kuti alibe kanthu m'nyumba. Anawauza ndani kuti kumeneko n'kusauka? Anthu anga ali patsogolo pa dziko lonse lapansi pa nkhani ya fashoni, kungoti sanauzidwe!"

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Womasulira amene anayenda ndi Mfumu anatsina khutu mnzake kuti mwini nyumba uja anali kusamuka sabata imeneyo, ndipo katundu yense anali m'malole panja. Mnzakeyo anatsinanso khutu wina, moti pofika Lachitatu womasulira uja anali atakwezedwa pantchito. Anamutumiza kumalire kuti azikawerenga mbalame zolowa ndi zotuluka.

Tsiku la msonkhano uja kunabadwa Unduna wa Zokongoletsa M'nyumba Mosawononga Ndalama. Unapatsidwa kwa a Khwasula, mlamu wake wa Mfumu, munthu amene mimba yake inkalowa m'chipinda mwini wake akadali pakhonde. A Khwasula analemba Lamulo la Nyumba ya Mpweya asanasambe n'komwe m'manja pa chakudya chamasana. Lamulolo linati pabalaza pa nzika iliyonse pazikhala zinthu zitatu zokha: makoma opaka njereza, mpando umodzi, ndi mpweya. China chilichonse, kaya sofa, kaya kalendala, kaya maluwa apulasitiki, chinatchedwa zinyalala za m'maso, ndipo chinayenera kukasungidwa ku Nkhokwe ya Fuko. Makiyi a nkhokweyo anali m'thumba mwa a Khwasula.

Uthenga unafika pamsika wa Ndingofunsa Loweruka m'mawa, pa lole ya chimkuzamawu. Msikawo unatchedwa choncho chifukwa ogula ake ambiri ankafunsa mtengo, n'kupukusa mutu, n'kumapita. Lole itachoka, anthu anayang'anizana.

"Ine nyumba yanga yakhala ya mpweya chichokereni mkazi wanga," anatero wogulitsa mbatata. "Mphoto tikalandirira kuti?"

"Nanga mpweyawo tipeze tokha kapena boma ligawa?" anafunsa wokonza njinga.

"Pezani nokha, achimwene. Ukadzera ku Takhuta udzafika theka."

Anthu anaseka chikhakhali monga mwa masiku onse, chifukwa ku Chiphamaso kuseka ndi chinthu chokhacho chimene chinali chisanakwere mtengo. Koma mayi mmodzi wogulitsa nyemba, a Nasibeko, sanaseke nawo. Anangoti duu, kambale koyezera kali m'manja, mtima uli kunyumba.

A Nasibeko ankakhala ku Tangopirira, kumene nyumba zinandanda ngati mano a chipeso, ndipo pabalaza pawo panali kabati. Osati kabati wamba. Malemu amuna awo, a Lufeyo, anali kalipentala, ndipo chaka chimene anakwatirana anabwera ndi matabwa a mbawa n'kuikhomera m'nyumba momwemo. Inatenga pafupifupi khoma lonse lakumbuyo. Inali ndi zitseko zagalasi, kalilole m'kati mwake, ndi timaluwa tosema pamwamba. A Lufeyo anayeza khoma, anayeza denga, koma khomo sanaliyeze. Anzawo atawafunsa kuti kabatiyo idzatuluka bwanji, iwo anayankha kuti, "Ituluke ikupita kuti? Yakwatiwa pano."

M'kabatimo munali mbale khumi ndi ziwiri za mkombero wagolide, makapu ake, tiipoti wa maluwa abuluu, ndi matambula asanu ndi limodzi oima chozondoka. A Nasibeko anazigula imodziimodzi ndi phindu la nyemba. Zinali za alendo. Ndipo ndikuuzeni za mbale za alendo ku Tangopirira: nyumba iliyonse yodzilemekeza inali nazo, koma mlendo wake anali asanabadwe. Abusa akabwera, ankati abusa ndi apakhomo. Apongozi akabwera, ankati apongozi ndi makolo, sawachitira zachilendo. Ngakhale pa maliro a malemuwo mbalezo sizinatuluke, poti pachigulu zinthu zimasweka. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu a Nasibeko ankazitsitsa Loweruka lililonse madzulo, kuzipukuta, n'kuzibwezera m'malo mwake. Akatero ankakhala pansi n'kumaiyang'ana kabatiyo, ndipo ankamva ngati amuna awo angotuluka pang'ono kukagula misomali. Ankaikonda kabati imeneyo kuposa chilichonse chimene anali nacho, ndipo sankabisa.

Lolemba Alonda a Maonekedwe anayamba ntchito, atavala zoyera, lole ikuwatsatira pambuyo. Mizere yoyambirira ya Tangopirira inakololedwa ngati chimanga. Masofa, mawotchi apakhoma, makatani, ngakhale zithunzi zaukwati, zonse zinakwera lole. Wailesi yokha ndi imene anailola kutsala, bola ikhale kuchipinda, chifukwa Unduna unayamba pulogalamu ya malangizo m'mawa uliwonse. Mawu okoma a mayi wina ankaphunzitsa fuko kuti windo lopanda katani limakuyandikizitsa ku chilengedwe, kuti bowo la padenga ndi windo la kumwamba limene olemera amachita kulipira, ndiponso kuti banja lamakono limakhalira mpando umodzi mosinthana, zimene zimalimbitsa chikondi. Pasanathe masiku atatu, amayi ochapa zovala ku Takhuta anayamba kunena kuti aona nsalu zoluka za ku Tangopirira pa mipando ya akazi a nduna.

Koma amphawi nawo ali ndi sukulu yawo. Anthu anazindikira kuti alondawo ankayenda khomo ndi khomo motsata mzere, ndipo sankabwerera pamene adutsa. Choncho alonda akalowa m'nyumba yachitatu, katundu wa m'nyumba yachinayi ankalumpha mipanda ya kuseri kupita m'nyumba yachiwiri, imene inali itayenderedwa kale. Lamulo linkalowera kumaso, katundu akutulukira kuseri. Masanasana, munthu ukanaima pachulu ukanaona masofa akuyenda pamwamba pa mipanda miyendo ili m'mwamba, matebulo akutsatira, agogo akulondolera njira ndi ndodo. Zinthu zinkaswekako ndithu, koma anthu ankati bola kuswa wekha kusiyana n'kukachiona chako kwa mkazi wa nduna.

Neba wa a Nasibeko anali a Nachanza, mayi wogulitsa kaunjika, wa mawu aakulu ndi mtima wofewa. Iwo ndi amene anabwera ndi amuna anayi amphamvu kuti ayese kabati ija. Anatsitsa mbale pamphasa, anagwejula chitseko, anaikankha kabati, anaipendeketsa, anaigoneka cham'mbali. Kabati inafika pakhomo n'kukana.

"Mayi, apa n'kudula pakati basi," anatero mmodzi wa amunawo, akupukuta thukuta. "Ndili ndi sowo kunyumba."

"Sowoyo muyambire pa ine," anatero a Nasibeko.

"Asisi, tamverani," anatero a Nachanza. "Alonda akaipeza aiwaza ndi nkhwangwa kuti ikwane pakhomo. Atero dzulo ndi shelefu ya aphunzitsi kumtundaku. Tiyeni tipulumutse mbale zokha, zilumphe mpanda."

"Zilumphe mpanda ngati matambula anu aja? Atsala angati?"

"Awiri."

"Ndiye mbale zanga zibwerere m'nyumba mwake."

Kabati inabwerera pakhoma pake, mbale zinabwerera m'kabati, amuna aja anamwa madzi n'kumapita. A Nasibeko anagwira njakata. Alonda anali mizere iwiri kumtunda, kutanthauza masiku anayi. Nzeru inawapeza m'mawa mwake pamsika, akuyang'ana bambo wogulitsa mphasa. Iwo anakulira kumudzi, ndipo pa ntchito yomata nkhokwe ndi kuzira pansi panalibe mtsikana wowaposa. Ngati kabati singatuluke m'nyumba, bwanji osaimangira khoma lake kutsogolo?

Anagula nsungwi zisanu ndi imodzi ndi mphasa ziwiri zakutha. A Nachanza anatuta dothi la pachulu ndi ndowa, akuuza aliyense wofunsa kuti akumanga khola la abakha. Anaimika nsungwizo kutsogolo kwa kabati kuchokera pansi mpaka kudenga, anamangirira mphasa ndi luzi, kenako a Nasibeko anayamba kumata. Anamata kawiri, anasalaza ndi mwala wa kumtsinje, anadikira kuti dothi liume, n'kupaka njereza katatu pamodzi ndi makoma enawo kuti asasiyane mtundu. Asanatseke kampata komaliza, anapisa dzanja n'kusisita galasi la kabati.

"Pepani a Lufeyo," ananong'ona. "N'zakanthawi chabe."

Khomalo linatuluka losalala kuposa makoma enieni. Balaza linachepa ndi sitepe imodzi, koma linayera moti munthu unkachita kuphethira polowa. Anaika kampando kamodzi pakona, ndipo pansi anapakapo polishi wofiira amene anatsalira m'kachitini.

Tsiku la mzere wawo kunabwera a Khwasula eniake. Anali atakwiya chifukwa masiku amenewo lole inkabwerako ku Tangopirira yopepuka, ndipo anafuna kuona okha kuti anthu amenewa asauka liti chonchi. Analowa cham'mbali m'nyumba ya a Nasibeko, anaima pakati pa balaza, anazungulira pang'onopang'ono, pakamwa pali yasa.

"Mayi, mwawononga zingati pokongoletsa muno?"

"Dothi lozirira ndi la pachulu, bwana. Madzi ndi a pachitsime. Njereza anandigawira aneba."

"Mwamva inu?" a Khwasula anatembenukira alonda. "Kukongoletsa kosawononga ndalama n'kumeneku! Koma nanga bwanji balaza lanu likuoneka lochepa kuposa la anzanu?"

A Nasibeko anaweramitsa mutu mwaulemu.

"Mpweya wambiri umavuta kusamala, bwana. Ine ndili ndekha."

A Khwasula analemba mawu amenewo m'kabuku kawo kuti akawanene pa wailesi ngati awo. Kenako analengeza kuti nyumbayo yasankhidwa kukhala Nyumba Yachitsanzo ya dziko lonse, ndipo Lachisanu Mfumu idzabwera kudzaiona pamodzi ndi akazembe a mayiko akunja. Atachoka, a Nasibeko anakhala pa kampando kaja.

"Asisi, mwakometsetsa," anatero a Nachanza atasuzumira pakhomo. "Mukanasiyako kamng'alu."

Sabata imeneyo a Nasibeko anatchuka pamsika wa Ndingofunsa kuposa nyemba zawo. Amayi ankabwera kudzafunsa kuti njereza amaisungunula bwanji, n'kuchoka osagula ngakhale kambale kamodzi. Njerezayo inali itakwera mtengo katatu, poti ng'anjo yokhayo yololedwa kuiwotcha inali ya akazi awo a a Khwasula.

"Tsopano ufa ndi njereza mtengo ndi umodzi," anatero wogulitsa mbatata uja. "Kusiyana kwake n'kwakuti njereza imapezeka."

"Inu a Nasibeko, Mfumu ikafika muipemphe chiyani?" anafunsa wokonza njinga.

"Kuti ifulumire kupita," anayankha iwo, ndipo anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala.

Lachisanu Tangopirira anadzuka atasesedwa. Msewu umene unali ndi maenje chiyambire ufumu wa Kanyada Woyamba unathiridwa dothi m'mawa womwewo, kulekezera pakhomo pa a Nasibeko. Amayi anavekedwa nsalu za nkhope ya Mfumu n'kuuzidwa kuti asangalale. Dzuwa litakwera kunafika magalimoto makumi atatu. Mfumu inatsika, ndodo yachifumu ya mutu wasiliva ili m'manja, inadutsa a Nasibeko amene anagwada pakhonde, n'kulowa m'nyumba osayang'ana kumbali. Pambuyo pake panalowa a Khwasula, kazembe mmodzi ndi mkazi wake, womasulira watsopano, ndi mtolankhani wa wailesi. A Nasibeko anauzidwa kuti akagwade pakona. Ena onse anasuzumira pakhomo ndi pawindo.

"Anthu anga!" inayamba Mfumu. "Taonani mayi uyu. Alibe kanthu, ndipo taonani mmene kukumukhalira! Adani anga amanena kuti m'dziko muno anthu akusowa. Inde, akusowa. Koma akusowa mwaluso!"

Panja nthungululu zinalira monga mwa dongosolo. Mfumu inayang'ana uku ndi uku kufunafuna chofanizira, ndipo m'nyumba yopanda kanthu chofanizira ndi khoma basi. Inasankha losalala kuposa onse. A Nasibeko anatseka maso.

"Ulamuliro wanga uli ngati khoma ili. Ndi woyera!"

Inalimenya ndi ndodo. Khoma linalira ngati ng'oma.

"Ndi wolimba!"

Inalimenyanso. Kamng'alu kanayenda kuchokera kudenga kutsika pansi.

"Ndipo kuseri kwake kulibe chobisika!"

Kachitatu aka luzi linaduka, nsungwi ya kumapeto inaterereka pa polishi, ndipo khoma lonse linaweramira kutsogolo mwaulemu. Mfumu inalumpha ngati si munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri. A Khwasula sanathe kulumpha, ndipo khoma linawapeza pomwe anaima, khu! Fumbi litatsika, panaima kabati ya a Lufeyo ikunyezimira, ndipo m'kalilole mwake Mfumu inadziona yokha, nkhope ili mbuu, pakati pa tiipoti ndi matambula.

Kunali zii. Mtolankhani anaiwala kutseka makina ake, moti dziko lonse linamva nduna ikutsokomola pansi pa mphasa. A Nasibeko anadziwa kuti kwawo kwatha, poti chilango chobisa zinyalala za m'maso chinali zaka zisanu kundende ndi nkhwangwa pa chobisidwacho.

Amene anaswa batalo anali mkazi wa kazembe. Anathamangira pa kabati manja ali pachifuwa, akulankhula chinenero chakwawo mofulumira, akusisita timaluwa tosema tija. Aliyense anayang'ana womasulira. Iye ankadziwa kumene mnzake anapita, choncho anasankha mawu ake mosamala.

"Akuti, Mwini Dziko... akuti kwawo fashoni ya nyumba zopanda kanthu inatha chaka chatha. Akuti tsopano olemera akulimbirana zoterezi, zopangidwa ndi manja, zodzaza mbale. Akuti chibadwire sanaone yokongola chonchi."

Ku Chiphamaso Mfumu sinkadabwa, chifukwa malamulo sankalola. Inasasa fumbi paphewa n'kumwetulira.

"Ndimadziwa," inatero. "Mukuganiza kuti ndagogoda khoma limeneli mwangozi? Lero ndatsegulira gawo lachiwiri la chitukuko: Nyumba Yodzaza! Kuyambira Lolemba, balaza lililonse likhale ndi kabati, sofa ndi maluwa. Wopezeka ndi mpweya wokhawokha adzaona."

Panja anthu anaomba m'manja kwinaku akufunsana kuti zimenezo azitenga kuti. A Khwasula anatulutsa mutu pansi pa mphasa, atayera ngati mzukwa, ndipo ngakhale pachipumi panali patatupa, maso awo anawala. Nkhokwe ya Fuko inali yodzaza mpaka kudenga, ndipo anthu akanatha kubwera kudzagula katundu amene ankamudziwa kale ndi zipsera zake zomwe.

Mfumu inayandikira kabati n'kugogoda galasi ndi chala.

"Iwe mayi, mbale izi ndi za yani?"

"Ndi za alendo, Mwini Dziko."

"Ndiye mlendo wafika. Tulutsa kapu ndimwere tiyi."

Apa ndi pamene a Nasibeko analakwitsa, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Mantha akafika pamapeto amasanduka mkwiyo. Anayang'ana dothi limene linamwazika pa polishi wawo, anayang'ana nsapato zimene zinalowa osavulidwa, anayang'ana chidindo cha chala pagalasi, ndipo pakamwa panalankhula pokha.

"Pepani, Mwini Dziko. Kuno mlendo amaima pakhomo n'kunena kuti odi. Amene amangolowa amakhala mwini nyumba, kapena..."

Anameza liwu lotsalalo, koma aliyense pawindo analimva. Mfumu inaganiza pang'ono, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

"Mayiyu ndi wanzeru," inatero. "Wanena zoona. Ine sindine mlendo m'nyumba iliyonse ya dziko lino. Ndine mwini. A Khwasula, kabati yangayi ikagone ku Takhuta lero."

Asilikali asanu ndi atatu analowa. Anainyamula kabati mbale zili momwemo, anafika nayo pakhomo, ndipo kabati inakana asilikali monga inakanira anthu wamba. Anaitembenuza, inakana. Anailamula m'dzina la Mfumu, inakanabe. Nduna zinachita msonkhano wadzidzidzi pansi pa mtengo wa mango. Nduna ya Zachitetezo inati idulidwe pakati, ikalumikizidwe kutsogolo. Nduna ya Zamalamulo inati kuika sowo pa katundu wa Mfumu n'chimodzimodzi kuukira boma. Nduna ya Zamaphunziro inapempha kuti pakhazikitsidwe komiti yokaona mmene mayiko ena amatulutsira makabati. Pomaliza a Khwasula anakweza dzanja.

"Ngati kabati ikukana kuchoka m'nyumba," anatero, "nyumba ichoke pa kabati."

Nduna zonse zinavomereza kuti amenewa ndiwo mawu anzeru a chaka chonse.

A Nasibeko anakwawa mpaka pamapazi a Mfumu.

"Mwini Dziko, ndachimwa ndi pakamwa pangapa. Ndimangeni ine, ndipita. Nyumbayi anamanga amuna anga, kabatiyi anakhoma amuna anga. Ndilibe china chowakumbukira nacho."

Koma Mfumu inali itatembenuka kale, ikufotokozera mkazi wa kazembe kuti kabatiyo inali ya agogo ake, Kanyada Woyamba, ndipo mayiyu ankangoisunga.

Anayamba ndi khoma lakumaso. Khoma lakumaso litapita malata anawerama, ndiye anawachotsa kuopa kuti angakande kabati. Malata atachoka, makoma am'mbali anaoneka kuti akhoza kugwera katundu wa Mfumu, ndiye anawakankhira panja. Kachipinda kogona kanatsala kopanda chotsamira ndipo kanagwa kokha. Akuluakulu a ku Tangopirira amati sanaonepo ntchito ya boma yotha msanga chotero. Dzuwa lisanapendeke kabati inali pa lole, itamangidwa ndi zingwe, mbale zikulira m'kati. A Nasibeko anaiyang'ana mpaka inakhota pachigayo. Sanakuwe, sanadzigwetse pansi. Anangomva ngati aika maliro a amuna awo kachiwiri, ulendo uno popanda woimba nyimbo.

Asananyamuke, a Khwasula anawaitana n'kuwapatsa satifiketi. Poti Lamulo la Nyumba ya Mpweya linali likugwirabe ntchito mpaka Lolemba, a Nasibeko anapambana mphoto yoyamba. M'dziko lonse la Chiphamaso munalibe nyumba ya mpweya wochuluka kuposa yawo.

"Muipachike pakhoma," anatero a Khwasula, n'kukwera galimoto.

Anthu atabalalika, a Nasibeko anakhala pa simenti yofiira pakati pa zidutswa za njerwa, satifiketi ili pamiyendo. Patapita kanthawi anaona a Nachanza akubwera ndi ketulo ndi makapu awiri apulasitiki. Akanatha kulowera paliponse, poti tsopano paliponse panali khomo. Koma anazungulira mulu wa njerwa mpaka pamene panali chitseko, anavula mapatapata awo, n'kuima.

"Odi kuno!"

A Nasibeko anakweza maso n'kuwayang'ana. Misozi imene anaikaniza pamaso pa Mfumu inatsika yonse nthawi imodzi.

"Odi!" anabwereza a Nachanza. "Tiyi akuzizira."

"Lowani, asisi."

A Nachanza analowa, anakhala pansi, anathira tiyi m'makapu aja. A Nasibeko analandira yawo ndi manja awiri n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu mwakhala mukuodira pakhomo panga," anatero. "Munandisambitsa nditadwala. Munagona pano sabata yonse ya maliro. Ine osakupatsani tiyi m'kapu ya m'kabati muja ngakhale tsiku limodzi. Ndinkati ndikudikira mlendo."

A Nachanza anauzira tiyi wawo, anamwako pang'ono, n'kupukuta pakamwa ndi nsalu ya nkhope ya Mfumu.

"Musadandaule, asisi," anatero. "Inenso zanga ndinkakubisirani."